Phala la Usipa M'mwezi wa Ramadani

Alangizi a za kadyedwe ochokera m'maboma asanu anasonkhana ku Mangochi kudzaphunzitsana ntchito. Tsiku lachitatu anapita ku Nkope kukaonetsa amayi achisilamu kaphikidwe ka phala la ana lothira usipa wosinja. Mayi Olivia, mlangizi wa kumeneko, anali atawachenjeza kuti unali mwezi wa Ramadani, koma anzawowo anatanganidwa ndi kupatsana manambala a foni.

Phala litapsa masana dzuwa lili paliwombo, amayi onse anakana kulawa. Bambo Misheck, otsogolera maphunzirowo, anasolola cholembera.

"Ndilemba kuti gulu ili ndi lamwano, lichotsedwe pa ndandanda wathu."

Mtima wa Mayi Olivia unawira. Iwo anali a mpingo wa Anglikani, koma amayiwa anagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri.

"Bambo, amwano ndife. Takoleza moto pakhomo pa eni ake osafunsa. Anthuwa akusala kudya, ndipo phalali si lawo, ndi la ana."

Anaitana ana, nayamba kuwagawira. Mphika utayera mbee, anaupereka kwa Bambo Misheck.

"Lembani kuti phala latha. Mukalemba zina, ine sindisainira."