Madzi Akatsika pa Mzere

Zaka makumi atatu akhukhi anaphikira ana pasukulu yogonera konko, ndipo palibe mwana anadandaulapo kuti mchere wachepa kapena wawawa. Izi ankazinena okha, kwa wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Koma mawondo atayamba kuvuta, mwana wawo wamkazi anawatenga kuti azikhala naye, ndipo kukhitchini anawaletsa. Kusesa ayi, kutsuka mbale ayi. "Ababa, inu muzingopuma." Kupuma kumeneko kunkawatopetsa kuposa mapoto a ana mazana anayi.

Ndiye tsiku lomwe mkamwini wawo ananena kuti akuchoka milungu isanu pa zantchito, n'kuwapempha kuti asamale thanki ya nsomba ya pabalaza, mtima wa akhukhi unangoti myaa. Thankiyo sinali yamasewera. Munali madzi amchere, miyala, nkhono zingapo, ndi nsomba imodzi yachikasu, yaphanthiphanthi ngati chikhatho, imene mkamwiniyo anailera zaka zisanu. Ankaitchula kuti Bwana. Ngakhale mkazi wake sankaloledwa kuidyetsa.

"Chakudya kawiri pa tsiku, kongotsina," anatero mkamwini. "Madzi akatsika pa mzere uwu, muziwonjezera a m'chigubumu. Basi, bambo, palibenso china."

Kunja kunkatentha, ndipo patangopita masiku awiri madzi anatsika. Akhukhi anatsegula chigubu, ndipo mwachizolowezi cha ntchito yawo anaviika chala n'kulawa. Aa! Madzi ozizira lilime, opanda ndi kamchere komwe. Anapukusa mutu. Anyamata a masiku ano, kuthamangira ulendo mpaka kuiwala kusungunula mchere! Nsomba ya m'madzi amchere angaithire madzi akumwa? Thumba la mchere wa thankiyo linali pansi pa kabati pomwepo. Anasungunula mujagi, kulawa, kuwonjezera pang'ono, kulawanso mpaka unafanana ndi wa m'thanki, n'kuthira. Ankachita zimenezi tsiku lililonse, mosamala ndiponso monyadira, osauza munthu kuti akukonza zimene mkamwini analakwitsa.

Mlungu wachitatu Bwana anasiya kubwera kudzalandira chakudya. Ankadzikhula pamiyala, akupuma mwawefuwefu, zipsepse atazipinda. M'mawa wotsatira akhukhi atavala magalasi anaona timadontho toyera thupi lonse, ngati wina wamuwaza ufa.

"Muwaimbire foni eni ake," anatero mwana wawo.

"Iwe, munthu wandipatsa ntchito imodzi yokha m'nyumba muno. Imodzi! Ndimuimbire kuti yandikanika?"

Kunena zoona, ankaopa. Nsombayo ikafa, mkamwini sakanawakalipira, poti ndi munthu waulemu. Akanangoti, "Musadandaule, bambo, muzipuma," ndipo zikanathera pomwepo mpaka kalekale.

Pa chitini cha chakudya panali pepala la sitolo yomwe chinagulidwa. Akhukhi anatunga madzi a m'thanki m'kabotolo, mwana wawo anawajambulira nsombayo pafoni, n'kuwakweza basi. Sitoloyo inali yopapatiza, yodzaza mathanki mpaka kudenga, mapampu akungoti bwibwibwi. Mayi wogulitsa anakulitsa chithunzicho ndi zala.

"Matenda a timadontho awa. Ndi tizilombo tomwe timaboola khungu. Nthawi zambiri timakhala tilimo kale, koma timapeza mpata nsomba ikafooka. Chaifooketsa n'chiyani?"

"Ine ndaisamala ngati khanda, mayi."

Mayiyo anadontheza madzi a m'kabotolo pa kachipangizo koyezera mchere, n'kusuzumira. Anapukuta, n'kuyezanso.

"Abambo, madzi akatsika mumathiramo chiyani?"

Akhukhi anafotokoza zonse, mpaka za kulawa. Mayiyo sanaseke, ngakhale milomo inkamuyabwa.

"Ntchito yanu inali yotani?"

"Khukhi. Zaka makumi atatu."

"Chabwino. Msuzi ukaphwera pamoto, mumathira madzi okha kapena madzi ndi mchere?"

Apa akhukhi anazindikira cholakwa chawo. Mwana woyamba kumene kuphika amadziwa kuti chimauluka ndi madzi, mchere umatsala mumphika. Iwo, katswiri wa mchere, milungu itatu yathunthu akukoleza mchere nsomba yamoyo! Manyazi anawagwira mpaka m'makutu munatentha.

"Nditaye madzi onsewo lero lomwe?"

"Ayi, mukatero ndiye mwaimaliza. Mchere unakwera pang'onopang'ono, utsikenso pang'onopang'ono."

Anawabwereka kathanki kakang'ono, kapampu, ndi koyezera mchere kena. Anawapatsa mankhwala a mkuwa, n'kuwachenjeza kawiri kuti m'thanki yaikulu asadonthezemo, chifukwa nkhono zonse zingafe. Nsomba isamukire m'kathanki, mankhwala aziyezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo thanki yaikulu ikhale yopanda nsomba miyezi iwiri kuti tizilombo tife ndi njala. "Ndipo lilime lanulo lipume kaye," anatero powaperekeza pakhomo.

Kathanki kaja, chipatala cha Bwana, akhukhi anakakhazika m'chipinda chawo, patebulo la pafupi ndi bedi. Munalibe miyala, koma kachidutswa ka paipi koti Bwana azibisalamo. M'mawa uliwonse akhukhi ankayeza mchere, kuyeza mankhwala, kuchotsa kapu imodzi ya madzi n'kubwezera ina yopanda mchere. Masiku anayi Bwana anangoti phee m'paipi muja. Akhukhi ankakhala pampando n'kumamulankhula. "Pepani, achimwene. Dzanja ndi langa lomweli, sindikana." Tsiku lachisanu anatulukira, n'kujompha kachakudya kamodzi, n'kukalavula. Lachisanu ndi chimodzi anameza. Akhukhi anaitana mwana wawo mokuwa ngati nyumba ikupsa.

Mkamwini anafika Loweruka masana. Anaika chikwama pansi, maso ali pa thanki ya pabalaza. Munali miyala ndi nkhono basi. Nkhope yake inagwa.

Akhukhi anaimirira, ngakhale kuti mwana wawo ankawakodola kuti akhale. Anafotokoza zonse osadumpha: chigubu, chala, jagi, ndi maganizo awo oti mkamwini ndiye anaiwala mchere. Kenako anamutsogolera kuchipinda.

Bwana anali akuzungulira m'kathanki, khungu lili see, wowonda pang'ono koma wachikasu bwinobwino. Mkamwini anagwada n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anatenga botolo la mankhwala n'kuliwerenga.

"Awa sindinawagwiritsepo ntchito. Mumathira angati?"

"Zimatengera muyezo wa tsikulo. Dzulo sindinathire n'komwe. Kwatsala masiku asanu ndi anayi, kenako tiyamba kuwachotsa m'madzimo."

Mkamwini anagwedeza mutu, n'kubwezera botolo pamalo pake penipeni.

"Bambo, mwezi wamawa kuli ulendo wina, wa milungu isanu ndi umodzi. Ndinawauza akuntchito kuti ndiyankha ndikaona kunyumba." Anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. "Ndiwauze kuti ndipita?"

Akhukhi anamwetulira. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Pitani," anatero. "Ife kuno tili ndi zochita."