Anati Nkachithupsa Chabe

Tsiku limene dokotala ananena kuti chiberekero cha mkazi wake chiyenera kuchotsedwa, wometa tsitsi wina wa pakona pa msewu sanafunse funso ndi limodzi lomwe. Munthu amene kuntchito pakamwa pake sipatsekeka, tsiku limenelo anangoti duu, chipewa chili pabondo.

Matendawo sanali achilendo kwa iye. Kwa zaka ziwiri mkazi wake ankataya magazi ambiri akakhala kumwezi, nthawi zina masiku khumi osaleka. Milomo inali itayera, ndipo masitepe atatu okha a pakhomo pawo ankamutsiriza mpweya. Dokotala anati m'chiberekeromo muli zotupa. Sizinali khansa, koma mankhwala onse amene anayesa anali atalephera.

Atatuluka kwa dokotala, namwino wina wachikulire anawakhazika pansi m'kachipinda kake nawapatsa pepala.

"Mayi, mapilitsi awa ndi owonjezera magazi, muzimwa tsiku lililonse mpaka tsiku la opaleshoni. Mankhwala ena alionse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha, mutiuze. Ola loti musiye kudya ndakulemberani apa. Koma chachikulu ndi ichi: mupeze munthu wodzakhala nanu masabata sikisi. Simudzanyamula ndowa, simudzachapa, simudzakolopa. Munthuyo muli naye?"

"Alamu anga atha kubwera," anatero mayiyo. "Kapena mmodzi mwa ana athu amapasa, onse ndi akuluakulu, atha kupempha tchuthi kuntchito."

Namwino anatembenukira kwa mwamuna. "Nanga inu bambo?"

"Tiona," anatero wometa.

Ali m'njira, anayamba kuyankhula motsitsa mawu ngati m'msewumo muli wina wowatchera khutu.

"Mayi a mapasa, nkhaniyi ithere pakati pathu. Achemwali asamve. Ana asamve. Wofunsa tizimuuza kuti munali ndi kachithupsa pamimba, angokatumbula."

"Nanga wondithandiza?"

"Ine ndilipo. Kodi ndilibe manja?"

Mkazi wake anamuyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Chabwino."

Tinene zoona, wometayu sanali munthu woipa mtima. Chinamusokoneza chinali benchi la mu shopu mwake. Pa benchi limenelo amuna amadikira kumetedwa, ndipo podikirapo amasenda anthu a dera lonse mmodzimmodzi. Chaka chapitacho inabwera nkhani ya dalaivala wina amene mkazi wake anachitidwa opaleshoni yomweyo, ndipo amene anaseketsa anthu koposa anali wometa mwini wake. Makina ali m'manja, ananena kuti kunyumba kwa dalaivala tsopano kukukhala amuna awiri. Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa. Tsono lero ankadzifunsa kuti mawu akewo akamubwerera, nkhope adzaiika kuti.

Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lachinayi anawatulutsa, namwino uja nabwerezanso malangizo: aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, azimwa madzi ambiri ndi kudya zipatso ndi masamba kuti asadzimbidwe, bala lizikhala loyera ndi louma, za kuchipinda adikire mpaka dokotala atavomereza. Anati akaona thupi latentha, bala latupa kapena likutuluka mafinya, magazi ambiri, fungo, kapena mwendo watupa ndi kupweteka, abwere tsiku lomwelo osadikira mawa.

Masabata awiri oyamba wometa anayesetsa ndithu, tisamunamizire. Ankatunga madzi ku mpopi wa kuseri asanapite kuntchito, ankasesa, ankaphika mpunga umene pansi unkapserera pamwamba uli wauwisi. Mkazi wake ankadya akuseka atagwira pamimba ndi pilo.

"Musandiseketse, bambo a mapasa, ulusi ungaduke. Mpunga uwu mwaumeta kapena mwauphika?"

Milomo yake inayamba kubwerera mtundu wake. Ankayenda kuchoka pakhomo kukafika pa geti ndi kubwerera, ndipo wometa ankadzitama mumtima kuti nayi nkhani yatha popanda munthu kudziwa.

Sabata lachitatu kunabwera achemwali ake. Awa ndi amene anamulera makolo atamwalira, mayi a pakamwa pakuthwa koma olimbikira ntchito, ndipo wometa ankawaopa mpaka ukulu wake wonse. Anatsika basi ndi chikwama chachikulu. Kwawo madzi anali atasiya kutuluka kwa mwezi wathunthu, ndiye anati poti akubwera kudzaona odwala, atengeretu mabulangete awo awiri adzachapire kuno.

"Kachithupsa kaja kanapola, alamu?" anafunsa atangokhala pansi.

Mayiyo anaponya diso kwa mwamuna wake. "Kakupola, alamu."

"Ndiye bwino. Ine changa chinali pamsana, anachitumbula m'mawa, madzulo ndinali pa ntchito. Thupi ukalilekerera limazolowera bedi."

Sananene mwankhanza, ananena monga munthu amene wauzidwa kuti ndi kachithupsa. Koma kuyambira tsiku limenelo wometa anachita manyazi kugwira tsache pamaso pa achemwali ake. Mkazi wake, posafuna kuoneka waulesi pamaso pa mlendo, anayamba kudzuka kukaphika tiyi, kuyala pa tebulo, kuwerama apa ndi apo.

Lachitatu m'mawa achemwali ananyika mabulangete awo m'beseni lalikulu kuseri, nayamba kuwapondaponda. Atatopa anakhala pa mpando nati, "Alamu, tandithandizani kufinya, msana wanga wakana. Tikatero tinyamulire limodzi beseni tikataye madzi."

Wometa anali pakhomo, chikwama cha makina ake chili paphewa. Anaona mkazi wake akuyenda kupita pa beseni paja. Anamuona ataima, dzanja limodzi lili pamimba, natembenuka kumuyang'ana. Mawu anali pakamwa penipeni. Kunali kungonena kuti achemwali, musamulole, wachitidwa opaleshoni yaikulu. Kapena kungotula chikwama nkukafinya yekha. Koma anaganiza za mafunso amene akanatsatira, ndi momwe nkhaniyo ikanayendera kuchoka kwa achemwali kupita kwa abale, kuchoka kwa abale kukafika pa benchi lija.

"Ndachedwa," anatero. "Makasitomala akundidikira."

Bulangete lonyowa limalemera ngati mwana wa zaka zisanu. Mayiyo anafinya awiri, nanyamula beseni mbali imodzi. Anamva kanthu kakuti thu m'mimba, koma anangoluma mano.

Madzulo wometa anamupeza atagona, akuti watopa chabe. Pa nsalu ya pabala panali kadontho kofiirira. Onse awiri anakaona, ndipo onse awiri anakhala chete, chifukwa achemwali anali pabalaza ndipo khoma la nyumbayo ndi lopyapyala. Tsiku lotsatira bala linatupa nkufiira. Wometa anakumbukira bwinobwino mawu a namwino akuti osadikira mawa, koma anati tione kaye mmene kuchere. Lachisanu masana mnansi wawo anathamangira ku shopu kudzamuuza kuti mkazi wake akunjenjemera, thupi latentha ngati mbaula, ndipo achemwali akusowa chochita. Wometa anasiya munthu mutu uli wometedwa theka.

Kuchipatala anapeza kuti ulusi waduka mbali imodzi ndipo bala lalowa matenda. Anamugonekanso, namuika diripi. Namwino uja atatuluka m'chipinda anapeza wometa ndi achemwali ake pa benchi la pakhonde.

"Bambo, mayiwa ananyamula chiyani?"

Wometa anayang'ana pansi. Achemwali ndi amene anayankha. "Tinangofinya mabulangete. Kodi kachithupsa kangachite zonsezi?"

"Kachithupsa?" Namwino anayang'ana wometa, ndipo sanawonjezere mawu. Nkhani ya wodwala si yake youlula. Anangoima pomwepo kudikira.

Panalibenso kothawira. "Achemwali," anatero wometa, "sikanali kachithupsa. Anamuchotsa chiberekero. Ndine ndinati tibise."

Misozi inayamba kutsika m'maso mwa achemwali, ndipo wometa anali asanawaonepo akulira chimwalirire mayi awo.

"Iwe, wandisandutsa mfiti ine? Ndamugwiritsa ntchito mwana wa eni ake ali ndi bala lotere, iwe uli chiimire pakhomo? Ukanandiuza, ine ndikanabwera ndi mabulangete? Ndikanabwera kudzamusambitsa. Unkaopa chiyani?"

"Anthu," anatero. "Zonena za anthu."

Namwino anakhala pansi pambali pawo. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamupweteka wometa koposa.

"Bambo, ndimve bwino. Anthuwo amati chiyani?"

"Amati mkazi akachotsedwa chiberekero si mkazinso."

"Inu munakhala nawo masabata awiri kunyumba. Munaona kuti asanduka munthu wina?"

"Ayi."

"Chimene chasintha ndi choti sadzapitanso kumwezi ndipo sadzatenganso pakati. Basi. Akachira, za m'banja zidzakhalapo monga kale, mwinanso bwino kuposa kale chifukwa ululu ndi kutaya magazi kuja zatha. Koma kunja bala limaoneka ngati lapola msanga, pamene m'kati mukadali mwauwisi. Nchifukwa chake timati pakhale munthu, ndipo munthuyo adziwe zoona. Sitikuti muuze msewu wonse, mwini thupi ndiye asankhe woti amve. Koma amene akugona m'nyumba mwanu sangasamale chinthu chimene sakuchidziwa."

Mayiyo anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Balalo sanalisokenso nthawi yomweyo, ankalitsuka tsiku ndi tsiku kuti lipole kuchokera m'kati, ndipo wometa ankamva kubuula kwake ali pakhonde. Ana amapasa aja atamva, wina anafika mawa lake lomwe. Sanawakalipire bambo ake, anangofunsa kuti, "Ababa, ifenso munatiyesa anthu a mumsewu?"

Atabwerera kunyumba zinthu zinayenda monga zinayenera kuyendera poyamba paja. Achemwali anakhala miyezi iwiri, ndipo anali okhwima kuposa namwino. Mapoto ndi mbale anazisamutsira pa tebulo kuti mlamu wawo asamawerame kapena kunyanyamphira. Akangomuona wagwira tsache ankamulanda. M'mawa ndi madzulo ankayenda naye mpaka pa geti, kenaka mpaka pakona. Wometa ankatunga madzi, kuchapa ndi kuyanika masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, ndipo tsiku lililonse lokatsukitsa bala ankatseka shopu nkumuperekeza. Anthu ena anayankhula ndithu, koma sabata lisanathe anali atapeza nkhani ina.

Ulendo umene ukanatha mwezi ndi theka unatenga miyezi inayi. Tsiku lomaliza lokaonedwa kuchipatala dokotala anati bala lapola, magazi abwerera, mayiyo atha kuyambanso ntchito zake pang'onopang'ono. Chipsera chokha ndicho chinatsala chachikulu ndi chokhota kuposa mmene chikanakhalira.

Pobwerera anatsika basi patali pang'ono chifukwa mayiyo anati akufuna kuyenda. Ankayenda mwamphamvu, osapumira, mwakuti wometa ndi amene ankatsalira. Atafika pa masitepe a pakhomo wometa anamugwira dzanja mkazi wake.

"Mayi a mapasa, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

"Ndinakukhululukirani kalekale, ndikadali m'chipatala," anatero mayiyo. "Inenso ndinali ndi pakamwa, ndikanatha kukana. Koma pali chimodzi ndikufuna muchidziwe, ndipo sindidzachinenanso. Tsiku lija pa beseni, sindinakuyang'aneni kuti mudzandithandize kufinya. Ndinkafuna kuona ngati mungathe kunena pamaso pa munthu kuti uyu ndi mkazi wanga ndipo akudwala. Ndinadikira, bambo a mapasa. Ndinamva geti likutsekeka."

Wometa anatsala pansi pa masitepe. Mkazi wake anakwera masitepe nalowa m'nyumba, kenaka anamuitana kuti adzamwe tiyi asanazizire.

Mayiyo ali bwino tsopano, wanenepa, ndipo akugwira ntchito zake zonse. Koma masiku khumi ndi awiri aja ndi ululu wonse uja sizinayenera kuchitika. Kuchotsa chiberekero ndi chithandizo, si chinthu chochititsa manyazi, ndipo mkazi amakhalabe mkazi. Opaleshoni isanachitike, pezani munthu wodzathandiza ndipo mumuuze zoona. Ikachitika, wodwala asanyamule cholemera kwa masabata asanu ndi limodzi kapena mpaka achipatala atavomereza, ndipo mukaona chizindikiro choopsa pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo inu abambo, mukaona mkazi wanu akupita kukanyamula chimene sayenera kunyamula, musadikire kuti ayankhule yekha.