Pepala Limene Lirong Anakana Kusaina

Mwana wathu Yawen atatiuza pa foni kuti ndi woyembekezera, mkazi wanga Lirong anaseka ndi chimwemwe, kenako anakalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti ndisamve kuti akulira. Yawen ndi mwana wathu mmodzi yekhayo. Anakwatiwa ku Ulaya, ndipo chitupa cha alendo chimatilola kukhala kumeneko miyezi itatu basi. Chaka cham'mbuyo mwake a ku ofesi ya kazembe anachita kutikaniza chitupacho, ati sitinaonetse bwino kuti tidzabwerera kwathu.

Ine ndine Cai Guoping. Kuno ku Jinjiang ndili ndi kafakitale kopanga zingwe za nsapato. Sindine wolemera, koma zaka makumi atatu za thukuta zinatipatsa nyumba yathuyathu ndi mosungira katundu muwiri.

Mnzanga wina ananditengera ku msonkhano pa hotela ina. Kumeneko bambo wina wovala bwino, dzina lake Qiu, anatithirira tiyi n'kutionetsa zithunzi za nyumba zoyera za m'dziko lomwelo la Yawen. Anati tikagula shopu imodzi m'nyumba yosanja imene ikumangidwa kumeneko, ine ndi mkazi wanga tilandira mapasipoti pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Malo anali atatsala awiri okha, ndipo ndalama zinayenera kulowa mu akaunti ya dzina lake lisanafike Lachisanu, ati kuti zinthu ziyende msanga.

Ndinaona kuti tikagulitsa nyumba yathu zikwana. Koma nyumbayo ili m'maina athu tonse awiri, choncho ndinabweretsa mapepala kuti Lirong asaine.

Anawatembenuza pang'onopang'ono. Masamba awiri anali m'Chitchaina, ena onse m'chinenero chimene tonse sitichidziwa.

"Bambo a Yawen," anatero, "zingwe zanu zija mumayamba mwazikoka musanagulitse. Nanga ichi mwachikoka?"

"Ndiye mukufuna mdzukulu azikudziwirani pa foni mpaka liti?"

Anangoika cholembera pansi n'kupita kukaanika zovala. Mawu angawo anandipweteka ndekha tsiku lonse.

M'mawa mwake Lirong anaphika phala la mpunga la mbatata, n'kunena kuti tikapereke mbale imodzi kwa Achemwali a Hong. Awa ndi oyandikana nawo nyumba, Hong Meizhu, amene anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yotsimikizira zikalata asanapume. Ndinadziwa kuti nkhani si phala, komabe ndinanyamula mapepala aja n'kutsatira.

A Hong anavala magalasi n'kuwerenga mosapupuluma. Atamaliza anandiyang'ana mwachisoni, osati mondiseka.

"Achimwene, mtima wanu ndi wabwino, koma pepala ili ndi loipa. Kodi akukugulitsani chilolezo chokhala m'dziko, kapena unzika?"

Ndinati ndimayesa n'chimodzimodzi. Iwo anapukusa mutu. Anafotokoza kuti mayiko ena amaperekadi chilolezo chokhala kwa munthu amene waika chuma chake kumeneko, koma unzika ndi nkhani ina. Nthawi zambiri umafuna zaka, mwinanso mayeso a chinenero. Anatikumbutsanso kuti dziko lathu silivomereza unzika wapawiri. Munthu akatenga wa kwina akhoza kutaya wa kwawo, ndipo ayenera kuyamba wafunsa za penshoni yake ndi thandizo la kuchipatala.

Lirong anandigwira mkono. Amamwa mankhwala a shuga tsiku ndi tsiku, koma ine m'changu changa chonse chija sindinaganizeko za zimenezo.

"Chinanso," anatero a Hong, "boma lililonse limalemba poyera malamulo ake. Munthu akamakuthamangitsani, ndiye kuti pali chimene sakufuna muone. Lachisanu likadutsa, dziko lija silisamuka."

Tsiku lomwelo anatithandiza kulembera ofesi ya kazembe wa dzikolo. Yankho linabwera patapita masiku anayi. Ndondomeko ya oika chuma inalipodi, koma inali yopereka chilolezo chokhala, osati pasipoti. Za a Qiu ndi kampani yawo, kazembeyo sankadziwa kanthu.

Kenako tinauza Yawen zonse. Anatikalipira pang'ono, monga amachitira ana akakula, n'kutuma mwamuna wake kuti akaone nyumba yosanja ija. Iye anatitumizira chithunzi cha bwalo loimikapo magalimoto, lomera udzu m'mbali.

Ndinakhala pansi. Ndinkadikira kuti Lirong anene kuti anandichenjeza, koma anangondithirira tiyi.

"Mumafuna kundisangalatsa," anatero. "Ndikudziwa."

Tinakanena kupolisi, ndipo tinapeza kuti mabanja ena anali atadandaula kale. Mayi wina amene tinakhala naye pa benchi anali atagulitsa nyumba ya makolo ake. Lirong anamugwira dzanja mpaka dzina lake litaitanidwa.

Titatero tinayambiranso, ulendo uno mwadongosolo. Yawen anapeza loya wa kumeneko, ndipo a Hong anationetsa mmene tingafufuzire dzina lake m'kaundula wa maloya ovomerezeka. Pepala lililonse linamasuliridwa m'Chitchaina tisanasaine. Tinafunsa kubanki njira yololedwa yotumizira ndalama kunja, ndipo tinasonyeza kumene chuma chathu chinachokera. Nyumba yathu sitinaikhudze. Tinagulitsa mosungira katundu muwiri muja, n'kuwonjezerapo zimene tinasunga, n'kugula kanyumba m'dzikolo monga mwa ndondomeko ija. Kanyumbako Yawen anayamba wakalowamo yekha n'kutsegula mawindo onse.

Zinatenga chaka ndi miyezi iwiri. Mdzukulu anabadwa tikudikirabe, ndipo sindinama, zinatiwawa. Koma makadi athu okhalira m'dzikomo anatuluka, ndipo unzika wa kwathu tikadali nawo. Tsopano timakhala miyezi ina kuno, ina uko.

Tsiku limene tinafika, kamtsikanako kanali katayamba kuimirira kogwira mipando. Kanayang'ana Lirong nthawi yaitali, kenako kanasiya mpando n'kugwera m'manja mwake. Yawen anatembenukira kukhoma, akupukuta m'maso.

Kwa inu amene mukuganiza zopeza chilolezo chokhala kunja kapena unzika wina poikako chuma, uthenga wanga ndi uwu. Funsani ku ofesi ya kazembe musanapereke kalikonse. Dziwani ngati mukupeza chilolezo kapena unzika, ndiponso chimene mudzataye kwanu. Musasaine zimene simunawerenge, ndipo musaike ndalama m'dzina la munthu. Njira yoona imachedwa, koma imakufikitsani kwa ana anu muli ndi kwanu kobwerera.