Chilolezo Chopempherera Mvula

Chaka chimenecho mvula inadula phazi m'mudzi wa Olkhovka, tirigu n'kuyamba kufiira asanabereke. Boma latsopano la a Bolsheviki linali litalamula kuti mapemphero azithera m'tchalitchi, ndipo wofuna kutuluka panja ndi mtanda ayambe wapempha chilolezo. Wopereka chilolezocho anali Savely Drozdov, wapampando wa komiti ya m'mudzi, yemwe kale ankaimba kwaya koma tsopano ankalavula akamva belu.

Katatu konse wansembe, bambo Nikodim, anabwera chipewa chili kumanja kudzapempha kuti akapempherere mvula kuminda. Katatu konse Savely anawabweza. Kenaka kunamveka zoti kukubwera Komuredi Pestov wa kulikulu la chipani, munthu amene anali atagwetsa kale apampando awiri chifukwa chonyengerera ansembe. Savely mpando wake ankaukonda kuposa mkazi wake, choncho anaganiza zomukonzera mlendoyo chionetsero.

Mu ofesi mwake munali chipangizo chonga wotchi, cholosera nyengo, chimene analanda kunyumba ya mwini minda wina wolemera. Muvi wake unkaloza pa chilala. Unkaloza pomwepo chigwereni pangolo tsiku lolandalo, koma Savely ankangoti imeneyo ndiyo sayansi.

"Pitani Lachinayi, madala," anatero Savely popereka pepala la chilolezo kwa wansembe uja atabwera kachinayi. "Mukakuwe mpaka mawu athe, tione ngati Abwana anu akumwambawo ali ndi makutu."

"Zikomo, Savely. Mayi ako ndiwo adzanyamule chithunzi cha Eliya woyera."

"Mayi anga asiyeni!"

Lachinayi kunacha dzuwa loswa mtengo. Savely anaika benchi m'mbali mwa munda, namukhazika Pestov, m'thumba mwa Savely muli masamba anayi a mawu oti adzalankhule Mulungu akalephera. Anthu anazungulira minda akuimba, fumbi lili koboo. Pozungulira kachitatu mphepo inatembenuka, ndipo kumadzulo kunada bii.

Inagwa mvula yosaona kutsogolo. Choipa kwambiri n'chakuti tirigu wa Savely anali m'minda yomweyo, moti mtima wake waulimi unam'pereka: anamwetulira, Pestov akuona. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, amayi okalamba anam'thamangira n'kumapsompsona manja ake.

"Mulungu akudalitse, mwana wathu! Tsikuli unalidziwa bwanji?"

Kuofesi, Pestov anakhuthula madzi m'jombo, n'kutenga cholembera.

"Katatu unakana, kachinayi tsiku unasankha wekha. Lipoti ndiyenera kulemba, ndipo njira ndi ziwiri. Mwina unadziwa kuti mvula ikubwera, n'kupangana ndi wansembeyu kuti muchititse boma manyazi. Ngati zili choncho tinyamukira limodzi, ndipo kumene ndikukutengerako anthu sabwerako. Apo ayi, sunadziwe kanthu, mvulayi aigwetsa ndi mapemphero."

"Zangochitika, Komuredi!"

"Pafomu palibe malo a zongochitika. Ndilembe ziti?"

Savely anachita mantha enieni. Panja anthu anali akuimbabe, ndipo mawu a mayi ake ankamveka pamwamba pa onse.

"Lembani kuti ndi mapemphero."

Pestov analemba pang'onopang'ono, akuwerenga mokweza: "Wapampando wa komiti akuchitira umboni kuti Mulungu aliko." Anaumitsa inki, n'kutembenuza pepalalo.

"Saina apa. Khadi la chipani usiye patebulo."