Paipi ya Hafu Inchi

Mpopi unatsokomola, unalavula mpweya, kenako unangoti zii. Tsabola anali atawapaka kale sopo bambo ake msana wonse. Madalawo anakhala pampando wapulasitiki m'bafamo akunjenjemera, thovu likuwaumira pakhungu, dzanja lawo lakufalo litagwera pantchafu.

"Atseka madzi?" anafunsa. Chiwagwireni sitiroko, mawu ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa.

"Sanatseke, bambo. Alamu atsegula mpopi wawo kumunsiku."

Malo awo anali aatali ndi opapatiza, okwera chitunda. Kumsewu, pafupi ndi mita ya madzi, kunali nyumba ya achimwene ake. Ya Tsabola inali kumapeto kwenikweni, kumtunda, mamita opitirira zana kuchokera pageti. Bambo atadwala, banja linagwirizana kuti azikhala kwa iye, poti ntchito yake yosoka ankagwirira pakhomo. Iye anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi basi: madzi m'nyumba. Achimwene akewo, omwe ndi pulambala wodziwika dera lonselo, anadziguguda pachifuwa. "Zimenezo ndiye usadandaule nazo, chemwali. Iwe ingokumba ngalande."

Anakumbadi, iye ndi mwamuna wake, woyendetsa galimoto zazikulu yemwe pakhomo amangooneka mwa apo ndi apo. Matuza anaphulika m'manja mpaka singano ankalephera kuigwira. Tsiku loyala mapaipi iye anali kuchipatala ndi bambo, ndipo pobwera anapeza ngalande yonse yakwiriridwa, mpopi ukudontha timadzi tonga mkodzo wa mwana.

Kuyambira pamenepo, ndowa imodzi inkadzaza munthu atasoka kale siketi. Shawa sinagwirepo ntchito. Mlamu wake akangotsegula mpopi kumunsi, kumtunda kunkauma. Akadandaula, achimwene ankayankha akuyang'ana foni: "Madzi masiku ano akubwera opanda mphamvu. Si iwe wekha." Chonsecho nsalu za pabedi za bambo zinkafunika kuchapa tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri ankatsika nazo pamutu kukachapira pampopi wapageti, anthu odutsa akumuyang'ana.

Dzina loti Tsabola anamupatsa ali mwana chifukwa cha pakamwa pake, koma pankhani iyi anameza mawu nthawi yaitali. M'mawa umenewu ndiye zinamukwana. Anawatsukuluza bambo ndi madzi akumwa, anawaveka, anawakhazika pachikuku, n'kutenga khasu. Ankaganiza kuti mwina paipi inaphwanyika penapake, ndipo akaiona ndi maso ake achimwene asowa chonena.

Pakhoma la nyumba paipi inkaoneka yonenepa bwino. Anayamba kukumba pomwepo, akuitsata. Sanapite patali. Paipi yonenepayo inathera pa kacholumikizira, ndipo kuchoka apo inatsika chitunda ina yakuda, yowonda ngati chala chake. Anakumbanso pakati pa malowo: yomweyo. Anakumba pafupi ndi mita ya madzi ija: yonenepa kachidutswa, kenako yowonda.

Anaima atagwira m'chiuno, thukuta likutsikira m'maso. Za mapaipi sankazidziwa, koma telala amadziwa chovala chimene achikongoletsa kunja n'kubisa nsanza mkati. Anapempha mnansi kuti aziwayang'anira bambo, n'kuthamangira ku hadiweya.

Mayi wogulitsa m'sitolomo anamusonyeza mipukutu ya mapaipi pakona. Tsabola analoza: "Iyi."

"Imeneyo ndi ya hafu inchi. Mukufuna ya m'khitchini?"

"Ndi imene ikubweretsa madzi kwanga kuchokera pamita."

Atamuuza kutalika kwake, kuti ndi kokwera, komanso kuti mitayo imadyetsa nyumba ziwiri, mayiyo anaseka, kenako ataona nkhope ya Tsabola analeka.

"Pepani, mayi. Madzi akamayenda amakhuzana ndi paipi mkatimo. Paipi ikakhala yowonda, ulendo n'kukhala wautali, mphamvu yonse imathera m'njira. Ndiye chitundacho chimadyanso yake. Mtunda umenewo musayambe ndi yochepera inchi imodzi, ndipo poti nyumba ndi ziwiri, ine ndikanaika ya inchi ndi kota mpaka pakhoma. Yowondayi ndi yogawira m'zipinda. Pulambala aliyense amadziwa zimenezi. Kodi munatola ndani?"

"Mwana wa mayi anga," anatero Tsabola.

Anawapeza achimwene akutsuka galimoto pabwalo lasimenti la nyumba yawo, madzi akuchita kuthovoka m'paipi yothirira. Tsabola anapita pamita n'kutseka. Madzi aja anafota m'manja mwawo.

"Iwe, wapenga?"

"Munaika paipi yanji pansi apa?"

"Paipi ndi paipi. Tsegula madziwo."

"Achimwene, ndakumba. Ndaiona. Kumapeto konse munaika zonenepa kuti chitsiru chione chisangalale. Mwakhala mukundiuza kuti madzi alibe mphamvu, chonsecho inu ndi amene munawatsamwitsa!"

Achimwene anaponya paipi yothirira ija pansi. Anayamba ndi kukalipa, kuti iye adziwa chiyani za ntchito za eni, kuti wawononga malo ndi maenje. Ataona kuti mlongo wawo sakuphethira, mawu anatsika. Akuti tsiku limenelo yaikuluyo sinapezeke, mvula inali pafupi, ngalande ikanagumuka, ndiye anangoika imene inatsala pantchito ina. Ankati adzasintha.

"Mudzasintha? Simenti iyi munathira pamwamba pake kuti mudzasinthe bwanji? Kwa anthu achilendo mumawerengera mamita, mumayeza chitunda, mumawakaniza paipi yolakwika ngakhale akuchonderereni. Kwa ine, amene ndikupukuta bambo anu, mwandiika zotsala!"

Mlamu wake anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Alamu, tsitsani mawu, anthu akumva. Paja chibale ndi fupa."

"Fupalo silichapa nsalu, alamu. Ndipo anthuwo amve. Akhala akundiona ndikuchapa zonyansa pageti, lero amveko chifukwa chake."

"Ndidzakonza ndikapeza mpata," anatero achimwene. "Panopa ndili ndi ntchito za anthu."

Tsabola anatembenuka. Anakwera chitunda kubwerera kwake. Atalowa m'nyumba anagwada pafupi ndi chikuku, n'kuwafotokozera bambo zonse, osabisa kanthu.

"Bambo, sindikukutayani. Koma kuno kulibe madzi, ndipo mwana wanu adzakumba pokhapokha zitamununkhira iyeyo."

Madalawo anamuyang'ana ndi diso lawo labwinolo.

"Tenga chipewa changa," anatero.

Anatsika nawo pang'onopang'ono, akukoka chikuku kuti chisathamange, mtolo wa nsalu zakuda uli kumsana ngati mwana. Anawalowetsa pabalaza la achimwene, matayala akusiya dothi pakapeti, n'kutula mtolowo pampando wa sofa.

"Amasamba m'mawa, madzi ofunda. Muziwatembenuza pafupipafupi asachite zilonda. Mankhwala ali m'thumba la jekete. Chakudya ndizibweretsa ine. Madzi akafika kwanga ndidzawatenga."

"Bambo, mukumuona mwana wanuyu?" anafuula achimwene. "Akukuyesani katundu!"

"Ndabwera ndekha," anatero bambo. "Ndikufuna kuchimbudzi. Ndinyamule."

Achimwene anayang'ana mkazi wawo. Mlamu anayang'ana kudenga: mpongozi sangavule apongozi ake aamuna. Tsabola anatuluka akumva achimwene akubuula ndi kulemera kwa bambo awo, ndipo anafika kwake misozi ili mbwembwembwe, osadziwa ngati ndi ya ukali kapena ya manyazi.

Achimwene analimba mtima masiku angapo. Azibale anaimba foni kumunyoza Tsabola, azakhali mpaka anamutcha mfiti. Iye ankangowayankha kuti chingwe choyanikira chili ndi malo, abwere adzachape. Palibe anabwera.

Kenako m'mawa wina anamva piki ikulira pasimenti. Anasuzumira pawindo: achimwene, malaya atavula, akuswa bwalo lawo lomwe, mpukutu wa paipi yonenepa uli pambali. Tsabola anatsika ndi fosholo. Sanapatsane moni. Anagwira ntchito tsiku lonse, wina kutsogolo wina pambuyo, ndipo nthawi yokwirira itakwana iye anaimirira m'ngalandemo.

"Simukwirira mpaka nditayenda nayo yonse."

"Ukundiyesa wakuba?"

"Ndikukuyesani achimwene anga."

Anayenda nayo kuchokera pamita mpaka pakhoma, akugwira cholumikizira chilichonse. Atatsegula, mpopi wakukhitchini unawomba m'sinki mpaka madzi anamuthovokera kumaso. Anakuwira mlamu kuti atsegule mipopi yake yonse kumunsiko. Kwake madzi anangochepa pang'ono, osasiya.

Anapita kukatenga bambo. Anawapeza pakhonde, akuyang'ana magalimoto ndi anthu odutsa mumsewu, wogulitsa nthochi atakhala pansi akucheza nawo.

"Tiyeni, bambo. Madzi afika."

"Kumtunda kuja ndimangoona khoma," anatero. "Kuno anthu amandipatsa moni. Ndizigona kuno. Mchimwene wakoyu waphunzira kundisambitsa, ngakhale amakhula ngati akutsuka poto."

Tsabola anamva ngati amumenya khofi. Zonse zija, ndiye madala akusankha nyumba ya munthu amene anawaumitsa thovu pamsana? Anatsegula pakamwa, koma bambo anamugwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyolo.

"Nawenso ugoneko, mwanangu. Masana uzinditenga."

Achimwene, ali chiimire pakhomo ndi matope mpaka m'mawondo, sanatsutse. Anangoti, "Nsalu zokha uzichapa ndiwe. Madzi uli nawo tsopano."

"Tizisinthana," anatero Tsabola, "ndipo mawa ndi inu."

Anakwera chitunda yekha, akulumpha milu ya dothi. Moni weniweni ndi achimwene akewo anadzayambiranso kupatsana patapita miyezi, ndipo mpaka lero akafuna kukonzetsa mpopi amaitana pulambala wina.