Chingwe Chachifupi

Chifuwa cha a Mfeddal chinayamba chaka chimene chisanu chinapha mikuyu ya kumtunda kwa Bab Berred. Poyamba chinali cha m'mawa mokha. Kenako chinayamba kuwatsatira kumzikiti, mpaka anthu pamzere wa swala ankasendera pambali. Mkazi wawo, Rhimou, anachimva anthu onse asanachimve. Mkazi wokhala yekha m'nyumba amamva zonse: khoswe kudenga, mphaka pakhoma, ndi kamluzu kamene kayamba kulira m'nthiti za mwamuna wake. Kamluzu koteroko, ndikukuuzani, sikakhala ka chimfine.

Dokotala wa ku Tetouan sanazungulire. Anaimika chithunzi cha mapapo pawindo nati utsi ukapitirira, maolivi a chaka chamawa adzadya ndi ena. A Mfeddal anaseka. Anati chamba iwo anayamba kulima asanamere ndevu, ndipo bambo awo anachisuta mpaka kumanda. "Ndiye njira ya kumandako mukuidziwa," anatero dokotala. Ataona kuti nkhalambayo siingasiye, anati ngati n'zosatheka, asiyeko moto ndi fodya amene amasakaniza ndi chambacho. Kuli makina amene amangofunditsa tsambalo n'kutulutsa nthunzi. Sananene kuti n'ngabwino. Anangoti kaliwo ndi woipa kuposa makinawo.

Rhimou anabwerako akulingalira m'galimoto monse. Imfa ankaiopa, inde, koma panali china chimene chinkamudya kwambiri. Chilowereni m'banjamo, mwamuna wake ankadya mkate wa m'mawa n'kutuluka. Kale ankapita kumunda. Munda atausiyira ena, ankapita kutiyirumu ya pamsika, n'kubwera dzuwa litalowa, mkanjo wake wa jelaba ukununkha utsi, kudya, kugona. Ana anakula n'kubalalika. Anyamata ku Tangier, amene ankaimba foni pa Idi pokha, ndi Najat, mtsikana yekhayo, ku Barcelona. Rhimou ankacheza ndi nkhuku. Ankafuna kuti Mulungu asanamutenge munthuyo, akhaleko naye masana amodzi, phee, tiyi ali pakati. Zimenezi sakanauza munthu. Mkazi wokalamba akanena zotere anzake amamuseka mpaka pachitsime.

Kutiyirumuko sanalowemo n'kamodzi komwe, koma tsiku la msika ankaima kutsidya kwa msewu ngati akusankha anyezi, n'kumaonerera. Ankawaona atatu pangodya yawo: mwamuna wake, a Layachi osoka nsapato, ndi a Bouchta a diso limodzi. Mmodzi ankadzaza kaliwo wautali uja, kuyatsa, kukoka, kupukuta kukamwa kwake ndi mkono wa jelaba, n'kupatsira mnzake. Mnzakeyo ankamaliza, kuuzira khala pansi, kudzazanso, n'kupatsira wina. Kaliwo sakhala m'dzanja limodzi, amatero amuna akuno. Wosuta yekha amasuta ndi ziwanda.

Najat ndiye anati agula makinawo. Amakolopa m'mahotela, ndalama zake n'zochita kufinya, ndiye anaimba foni ya zithunzi kuti asankhe ndi mayi ake. Bambo ake anakana kuyang'ana. Anati amene akufuna kuwasandutsa ketulo asankhe yekha, n'kutenga ndodo, ulendo.

"Yemma, ikani foni patali, ndikungoona mphuno yanu," anatero Najat kwa mayi akewo. "Eya. Awa ndi oyamba."

Anali makina ngati kaphiri kachitsulo, thumba lapulasitiki litafufuma pamwamba.

"Nthunzi imalowa m'thumbamo. Munthu amalichotsa n'kupita nalo pomwe akufuna. Koma mtengo wake, Yemma, ndi nkhosa ya Idi ndi mwana wake yemwe."

"Chotsa! Thumba lapulasitiki kukamwa kwa munthu wobanika kale? Ukufuna ndikawapeze atafa ngati nkhuku ya m'firiji?"

"Chabwino. Nanga aka? Kam'thumba, ka batire, kofanana ndi foni. Aka ndingakwanitse. Angamapite nako kwa anzawo."

Rhimou anaona kale mmene zidzakhalire: kanthu kaja m'thumba la jelaba, ndodo m'manja, chitseko n'kutsekeka.

"Za batire zimaphulika," anatero msanga. "Mwana wa a Ftoma foni inamuotcha ntchafu. Ndipo akakataya? Akakawabera? Apolisi akawaona nako adzati n'chiyani? Bambo ako amaiwala nsapato kumzikiti."

"Inu Yemma, chilichonse chimapha basi?"

"Chilichonse chimapha, mwana iwe. Sunakule. Ndionetse enawo."

Enawo anali kabokosi kathabwa, kosaoneka bwino n'komwe, kokhala ndi paipi yofewa yaitali ngati mkono, ndi chingwe cha magetsi kumbuyo.

"Awa ndi otsika mtengo kuposa onse, ndipo akuti sachedwa kukonza akafa. Vuto lake sachoka pakhoma. Munthu amakhala pomwe pali soketi, basi."

"Chingwecho n'chotalika bwanji?"

"Chachifupi. Mwina kuchoka pachitseko chanu kufika pambaula."

"Omwewo," anatero Rhimou. "Usaononge ndalama, uli ndi lendi."

Najat anamuyamikira kuti ndi mayi woganizira mwana. Rhimou anangoyang'ana pansi. Foni itazima anapita kukhitchini n'kuyamba kusuntha zinthu. Anachotsa thumba la ufa pafupi ndi soketi, nayala chikopa cha nkhosa, naikapo pilo wabwino. Kuchoka pamenepo kufika pomwe iye amakandira mkate, munthu akanatha kutambasula dzanja n'kulandira tambula.

Koma samalani ndi zimene mukonza mumtima osauza munthu. Najat anafika m'chilimwe ndi katoni yake, nayang'ana soketi ya kukhitchini, yakuda m'mbali ndi kupsa, firiji italumikizidwa pomwepo ndi mawaya omanga ndi nsanza.

"Apa ayi! Mukufuna nyumba ipse? Inu amene mumaopa chilichonse, ichi simukuchiona?"

Soketi ina yabwino inali imodzi yokha m'nyumba monse: m'chipinda cha alendo, chimene anyamata anamangitsa, cha mipando yaitali m'mbali mwa makoma ndi chitseko chakechake chotulukira panja. M'chipindamo Rhimou ankalowa kukasesa basi. Mukakhala amuna, thireyi ankaisiya pakhomo, kugogoda, n'kubwerera. Umo ndi mmene anamulelera mayi ake, ndi mmenenso analelera Najat, ngakhale Najat anaziiwala kutsidya kwa nyanja.

Makinawo anakhala mmenemo, patebulo laling'ono. Najat anawaphunzitsa bambo ake: tsamba lokha, lopanda fodya, losaduladula kwambiri, adikire kanyali kasinthe, akoke pang'onopang'ono ngati akumwa msuzi wotentha. Tchuthi chitatha anabwerera. Kaliwo wakale Rhimou anamukulunga m'nsalu n'kumubisa pansi pa balere mumtsuko.

Mbiri inafika pamsika. Tsiku lotsatira, swala ya masana itatha, a Layachi ndi a Bouchta anatulukira pachitseko chapanja, ndi ena amene sanapondepo pakhomopo chimwalirireni mayi a Mfeddal. Rhimou anafulula tiyi, naika timbewu tonunkhira, nanyamula thireyi mpaka pakhomo. Anagogoda. Dzanja la mwamuna wake linatuluka, kulandira, chitseko n'kutsekeka. Anaima kuseri kwake.

"A Mfeddal, ndiye mwafika poyamwa ngati mwana wa mbuzi?" Anali mawu a Bouchta.

"Khalani chete, inu a diso limodzi, simukuona n'komwe pomwe pali paipi."

"Ndikuona bwinobwino. Utsi ndiye sindikuuona. Mukukoka mphepo ya ku Spain, m'bale wanga!"

"Patseni kuno," anatero a Layachi. Kenako: "Zikukoma ngati udzu wonyowa. Khala lili kuti? Ndiuzira chiyani pansi?"

"Palibe chouzira."

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti yanga yatha? Ndipo ndichite kudzuka pampando kubwera pakhoma, ngati wopita kwa ometa?"

Kuseka kunagwedeza chitseko. Wina anapempha tiyi wina. Masiku amenewo Rhimou anafulula tiyi wambiri kuposa wa paukwati wa Najat. Shuga anatha, msana unauma. Mwamuna wake anali m'nyumba, inde, monga anafunira, khoma limodzi pakati pawo. Kale ankakhala yekha mwakachetechete. Tsopano ankakhala yekha akumva kuseka.

Zatsopano sizichedwa kukalamba. Oyamba kusiya anali obwera kudzaonerera aja. Kenako a Bouchta anati phazi lawo silikugwirizana ndi chitunda. A Layachi anapirira pang'ono, koma ankangotulukatuluka kukayatsa wawo panja, mpaka tsiku lina sanabwerenso.

A Mfeddal anawatsatira kutiyirumu kamodzi. Linali tsiku la msika, ndipo Rhimou anaona ali pa anyezi pake paja. Kaliwo anazungulira nafika pa iwo. A Layachi anapukuta, natambasula dzanja mwachizolowezi. A Mfeddal anayang'ana, naika dzanja pachifuwa, napukusa mutu. Dzanja la a Layachi linakhala m'malere kanthawi, kenako linawadumpha. Palibe anaseka. Utsi wa ena uja unawalowa, anatsokomola mpaka kugwira tebulo, ndipo anabwera kunyumba msika usanathe. Sanapitekonso.

Mphepo ya mvula itayamba, m'nyumbamo munali anthu awiri, aliyense ndi chete wake. Kamluzu kaja kanachepa, zimenezo Rhimou anamva ndi makutu ake. Koma munthuyo ankafota. Mkate ankausiya theka. Masana ankalowa m'chipinda cha alendo n'kutseka, ndipo Rhimou ankasiya thireyi pakhomo ngati kale, ngakhale munalibe mlendo. Phazi linazolowera kuima pamenepo.

Tsiku lina chitseko chinatsala chotsekula pang'ono, ndipo anasuzumira. Mwamuna wake anali pakona, pomwe chingwe chinathera, mipando yonse yaitali ija ili mbee. Anakoka paipi. Anaipukuta ndi mkono wa jelaba. Anaitambasulira kumanja, kumene kunalibe munthu. Anakhala choncho, kenako anaibweza, naiika patebulo, nazimitsa makina.

Mawa lake sanawayatse. M'mawa mwa tsiku linalo Rhimou pochokera ku nkhuku anawapeza kukhitchini, atagwada, akuvundukula mitsuko. Wa nyemba unali kale pambali. Wotsatira unali wa balere.

"Mkazi iwe, kaliwo wanga unamuika kuti?"

"Munamva dokotala, mwamuna inu."

"Dokotala ali ndi anzake ocheza nawo. Ndipatse. Kuli bwino ndife pakati pa anthu kusiyana n'kukhala ndi moyo nditamangidwa pakhoma ngati bulu."

Rhimou anayang'ana mtsukowo, nayang'ana khosi la mwamuna wake, mmene linaondera m'kolala. Chingwecho anasankha ndi iye.

"Dzukani pansipo, maondo adzakukanikani," anatero. "Pitani mukayatse. Tiyi akubwera."

Kaya ndi kutopa, kaya ndi mmene ananenera, a Mfeddal anagwira khoma nadzuka, napita.

Rhimou anafulula tiyi. Anaika matambula awiri. Pakhomo la chipinda cha alendo phazi linaima lokha, monga mwa masiku onse, ndipo anamva ngati mayi ake akumukoka nsalu kumbuyo. Sanagogode. Anakankha chitseko ndi chigongono, navula nsapato, nalowa. Anaika thireyi patebulo pafupi ndi kabokosi kaja, nakhala kumanja, pamalo a a Layachi. Mpando unali wozizira ndi wofewa kuposa mmene ankaganizira pousesa.

A Mfeddal anamuyang'ana ngati nkhuku yalowa mumzikiti.

"Wasowa chiyani muno?"

"Palibe. Kanyali kasintha, kokani."

Anakoka, maso ali pa iye. Anatulutsa kanthunzi kosaoneka bwino. Kenako dzanja linachita zimene linazolowera: linapukuta paipi pamkono, n'kutambasukira kumanja. Atazindikira anafuna kulibweza, koma Rhimou anali atagwira kale.

Inali yofunda. Ankaiopa ngati njoka. Magetsi sasewera nawo, ndipo iye chibadwire sanaikepo chotere pakamwa, ndiponso sanafune kuyamba ndi imvi. Anangoigwira pamiyendo ndi manja awiri, kwa nthawi imene ankaona a Layachi akugwira kaliwo. Kenako anaipukuta ndi nsonga ya mpango wake, naibweza.

"Sunakoke," anatero a Mfeddal.

"Ndakoka. Simunaone, utsi wake suoneka."

Nkhalambayo inatulutsa kamphepo m'mphuno, kuseka kosafika pakamwa. Inakokanso, kupukuta, kupereka. Kunja mvula inayamba kugunda malata. Paipi inkapita ndi kubwera pamwamba pa tiyi amene ankazizira. Rhimou sankadziwa kuti amuna amakamba chiyani pa nthawi yotere, ndipo a Mfeddal sankadziwa kuti mkazi amauzidwa chiyani.

"Bouchta," anayamba a Mfeddal potsiriza, akuyang'ana khoma, "diso lija sanataye ku nkhondo monga amanenera. Anamujompha ndi tambala."

"Tambala wa ndani?"

"Gwira kaye," anatero, namupatsira paipi.