Miyendo ya a Telala

Miyendo ya a Telala sinkadziwa kuweruka. Masana inkapalasa makina osokera pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo imeneyo inalidi ntchito yake. Koma eni ake akangofika pabedi, inkayamba kunyerenyesa ngati mwalowa nyerere. Ankaipinda, kuitambasula, kuigwedeza, mpaka kunja kuyere. Akazi awo anapirira kufikira tsiku lomwe anadzuka ndi chotupa pakatumba.

"Bambo, ine si makina," anatero akuloza pomwe panatupapo. "Ngati muli ndi madiresi a eni osamaliza, muzikasokera konko."

Tsiku lomwelo mayiwo anasamukira pasofa ya pabalaza.

A Telala mawu ankawasunga ngati singano yomaliza. Koma zinawalowa mumtima. Chikwatirane anali asanagonepo okha, ndipo bedi linangokula ngati bwalo la mpira.

Nkhani inafika kwa alamu awo, achimwene a akazi awo, oyendetsa lole, amene ankadziwa mankhwala a nthenda iliyonse. Anabwera kusitolo ndi kabotolo ka mapiritsi a maginiziyamu.

"Alamu, imwani awa. Ine ndikamwa ndimagona ngati chipika."

"Inu mumagona ngakhale mbale ili m'manja," anatero a Telala.

Komabe anamwa, ndipo poti ankafuna zamsanga, anamwa opitirira muyeso. M'mimba munatseguka. Miyendo sinasiye, inangopeza kothamangira.

Atachira anapita kuchipatala mwakachetechete. Namwino anawatenga magazi, ndipo zotsatira zitabwera anawakhazika pansi.

"Ayironi wachepa m'thupi mwanu, bambo. Akachepa, anthu ena miyendo imawavuta chonchi, tulo n'kusowa. Maginiziyamu uja musiye kaye, vuto lanu silili pamenepo."

Anawapatsa timapiritsi tofiira. A Telala anatiika m'kabati ka makina, pamodzi ndi mabatani ndi choko, ndipo sanadumphepo tsiku. Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Miyendo ili jegede! Akazi awo anali atazolowera pabalaza mpaka kusamutsirako wailesi.

Tsiku lobwerera kuchipatala, mayiwo anati apita nawo. "Mukapita nokha mukangoti 'eya' ndi 'ayi', n'kubwerako."

Namwino anayang'ana zotsatira zatsopano, n'kuyang'ana a Telala.

"Mapiritsi aja mukumwadi?"

"Eya."

"Mumamwera chiyani?"

"Tiyi."

"Ndimawapititsira ndekha kusitolo m'mawa uliwonse," anatero akazi awo monyadira. "Wa masamba ambiri, wothira mkaka, m'kapu yawo yaikulu. Akamaliza amaonjezeranso."

Namwino anagwira pakamwa kubisa kuseka. "Amayi, tiyi ameneyo ndiye akuima pakhomo. Tiyi ndi mkaka zimalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Azimwera madzi, ndipo akadyerapo lalanje ndiye bwino kwambiri. Tiyi azibwera pambuyo, patapita nthawi ndithu. Ndinayenera kukuuzani tsiku loyamba lija."

Pobwerera anayenda wapansi. Atadutsa pokwerera basi, a Telala anatsokomola.

"Ndiye kuti ndi tiyi wanu."

"Wanga? Amene mumabweza kapu akakhala wotuwa ndani? Simumati ndakupatsani madzi otsukira mbale?"

A Telala anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Kuyambira pamenepo m'mawa kunkabwera madzi ndi lalanje. A Telala ankameza piritsi nkhope itakwinya, mwini sitolo akuwaseka kuti akalamba n'kubwerera ku ubwana. Tiyi ankafika dzuwa lili paliwombo. Masabata anapita. Nyerere zija zinayamba kuchepa, ndipo tsiku lina anadzidzimuka kunja kutayera kale, bulangete lili pomwe analisiya.

Anadikira masiku angapo kuti atsimikize, kenako ananena pa chakudya cham'mawa.

"Yasiya."

"Chasiya n'chiyani?"

"Miyendo."

"Mboni yanu ndani? Munthu ali m'tulo amadziwa zomwe miyendo yake ikuchita?" Mayiwo anapitiriza kupaka buledi majarini. "Ine pasofa ndili bwino. Palibe ondimenya, palibe ondilanda bulangete."

A Telala anangogwedeza mutu n'kupita kuntchito. Kupempha sankadziwa, ndipo pa msinkhu umenewo sakanayamba kuphunzira.

Loweruka masana, akazi awo atapita kumsika, anabwerera kunyumba ndi lumo ndi tepi yoyezera. Mayiwo pofika anapeza sofa ili mbulanda, matabwa okhaokha. Makushoni onse anali atasomboledwa, thonje lili m'thumba, ndipo amuna awo anali chogwada pansi akuyeza nsalu yakale, choko ali kukhutu.

"Kalanga ine! Mwaitani sofa yanga?"

"Nsalu inatha. Alendo angatiseke."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani, lero ndiye mwaiona kutha?"

"Ndapeza mpata."

Mayiwo anatula dengu pansi, manja m'chiuno. Anayang'ana matabwa aja, anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kenako anayang'ana amuna awo, amene anali kalikiliki kulemba mizere pansalu.

"Ndiye mumaliza liti?"

"Bwerani mawa," anatero a Telala osadzutsa mutu.

"Mawa la atelala ndimalidziwa ine." Anazula wailesi pakhoma n'kuikolekera m'khwapa. "Koma mukangondiponda kamodzi kokha, bambo, pamatabwapa mugonapo ndinu."